Banga la pa Malaya a Sandiso

Panali chinthu chimodzi chimene Yonela Mbekeni anali asanauzepo munthu aliyense, ngakhale mayi ake omubereka. Anthu akamufunsa kuti anayamba bwanji gule wa baleyi, iye ankayang'ana pansi n'kuyankha motsitsa mawu kuti, "Ndinkangokonda kuvina kuyambira ndili mwana."

Bodza lamkunkhuniza!

Yonela sankadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli anthu ovina ataima pa nsonga za zala zakuphazi. Chimene chinamulowetsa mu holo ya Mama Nomalizo ndi mnyamata. Inde, mnyamata basi! Zochititsa manyazi bwanji!

Linali Lachisanu masana pa siteji ya minibasi ku Langa, iye ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mayi ake anamutuma kabichi. Chimphepo chochokera kuphiri chija chinali chitayamba misala yake, jumbo inang'ambika, kabichi n'kuyamba kugubuduzika kulowera kumsewu.

Phazi lina linamuimitsa, mwaulemu ngati likuopa kumudzutsa.

"Sisi, kabichi wanuyu akuthawa ukwati kapena?"

Yonela anadzutsa mutu. Mnyamata wamtali, khosi lowongoka, chikwama paphewa, mano oyera mbee. Yonela analandira kabichi uja osanena ngakhale zikomo.

Mnyamatayo anaseka n'kumapita, mapazi akuyang'ana uku ndi uku ngati a bakha. Ndipo Yonela, mtsikana amene m'kalasi ankachita manyazi ngakhale kupempha kupita panja, anamutsatira. Misewu itatu! Kabichi ali m'khwapa! Mpaka pakhomo la holo yakale ya tchalitchi, m'mene munkamveka piyano.

Pakhomopo panaima mayi wamfupi wa imvi, wowongoka ngati mtengo wa mbendera, ndodo m'manja.

"Iwe wa kabichi, kuno sitiphika. Ukufuna chiyani?"

Akanayankha kuti chiyani? Kuti akufuna mwini wake wa mano aja?

"Ndi... ndikufuna kuvina, Mama."

"Vula nsapato. Kabichiyo muike pa piyano."

Umu ndi mmene Yonela anadziwira kuti mnyamata uja dzina lake ndi Sandiso, komanso kuti miyendo ya munthu ikhoza kupweteka malo amene sankadziwa kuti aliko.

Ku Langa palibe amene sadziwa Mama Nomalizo Dyantyi. Nthawi ya tsankho ija, mayi awo ankakolopa pa sukulu yovinira ya azungu m'tauni. Iwo, ali kamwana, ankasuzumira pa mng'alu wa chitseko, akafika kunyumba n'kumayeserera atagwira waya woyanikapo zovala. Atakula anavina mzere wakumbuyo zaka zisanu ndi zitatu, kenako kutsogolo, kenako kutsidya kwa nyanja. Ndiwo mkazi woyamba wa ku Langa kutsogolera gule m'gulu lalikulu la m'tauni. Maondo atatha anabwerera kwawo n'kutsegula sukulu m'holo yodontha ija. Masiku ano amakhala m'makomiti a zaluso, anthu a masuti amawaimirira akalowa, koma ana a pa sukulu yawo amawadziwa ndi liwu limodzi lokha.

"Bwerezanso!"

Yonela anabwereza. Anabwereza zaka zitatu. Zala zinatuluka matuza, zikhadabo ziwiri zinachoka, koma tsiku lina Mama anamupatsa nsapato zake zoyamba zoimira pa nsonga.

Nsapato zimenezi zimabwera zapinki, zofanana ndi khungu la anthu amene anazipangira. Pa sukulu ya Mama palibe amene ankavina nazo zili choncho. "Mwendo usathere m'kakolo," ankatero Mama. "Uzifika mpaka pansi." Ndiye mtsikana aliyense ankapaka nsapato zake zodzola za kumaso ndi kasiponji, mpaka zifanane ndi khungu lake, monga Mama ankachitira mobisala m'bafa zaka zakalezo.

Apa ndi pamene Yonela anaposa onse. Diso lake linkaona kusiyana kumene ena sankakuona. Posakhalitsa Mama anamupatsa ntchito yosakaniza utoto wa aliyense, m'timabotolo ta jamu tolembedwa maina. Wake unali wakuda ngati khofi wopanda mkaka. Wa Chumisa Ngxabani, mtsikana wapakamwa amene ankazungulira ngati nguli, unali wowala ngati tiyi wa mkaka, ndipo unkafuna dontho limodzi lofiira. Limodzi lokha. Akakhala madontho awiri, ankaoneka ngati wapsa ndi moto.

Chikondi chenichenicho chinabwera mochedwa. Zaka ziwiri zathunthu Sandiso ankangomutchula "sisi wa kabichi". Koma chaka chachitatu Mama anawaphatikiza kuti aphunzire kunyamulana. Sandiso anamugwira m'chiuno, Yonela analumpha, n'kupezeka wakhala pa phewa lake, mwendo umodzi utapindikira kumsana kwake, holo yonse ili pansi.

"Aaa! Kodi umadya mphepo iwe?" Sandiso anamunong'oneza pomutsitsa. "Ndiwe nthenga. Nthenga yanga."

Tsiku limenelo Yonela anapitirira pakhomo pawo osazindikira.

Kenako mauthenga anayamba kugwa pa foni ngati matalala.

"Nthenga yanga, wadzuka? Dzuwa lati silituluka mpaka limve kuti iwe wadzuka."

"Phewa langali ndi mpando wako wachifumu. Ndikulumbira, palibe mtsikana wina adzakhalepo mpaka imfa."

"Tidzavina ku London ine ndi iwe, duwa langa. Anthu akadzaponya maluwa, ine ndizidzangotola n'kumapatsa iwe."

Yonela ankalemba yankho, n'kufufuta, n'kulembanso, n'kufufutanso. Pamapeto pake ankatumiza liwu limodzi: "Zikomo." Kenako ankabisa nkhope mu pilo n'kumadzitukwana. Zikomo? Munthu wakupatsa dzuwa lonse, iwe n'kumuyankha ngati wakubwereka bolopeni?

Koma abale, chikondi cha Sandiso chinali ndi ntchito! Magwinya, mandasi aja amene mayi a Yonela ankamulongedzera, ankadya ndi Sandiso. "Mafuta si abwino kwa nthenga, ndikukuthandiza," ankatero mkamwa mutadzaza. Lasitiki wa nsapato za Sandiso ankasoka ndi Yonela. Malaya ake oyera ovinira ankachapa ndi Yonela, poti akuti "manja ako amachapa mwachikondi".

Kodi sopo amadziwa chikondi? Kodi mtsikana ameneyu, wa diso loona dontho limodzi lofiira m'botolo, maso ake anali kuti?

Tsiku lina Mama anamenya ndodo pansi katatu.

"Sukulu ino yakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu. Loweruka lachinayi kuchokera lero, masana, tidzavina pamaso pa makolo. Akuluakulu a gulu la m'tauni abwera, ndipo adzasankha ana awiri oti akaphunzire nawo zaka zitatu. Awiri! Osandiyang'ana ngati ng'ombe." Anawerenga maina pa pepala. "Gule womaliza, wa anthu awiri: Sandiso ndi Yonela."

Chumisa, amene anayamba kuvina ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, analuma mlomo n'kuyamba kumasula timalamba ta nsapato zake mwankhanza.

Lachitatu kunalibe maphunziro, poti holo inkakhala ya amayi a mpingo. Yonela anaganiza kuti mpata ndi womwewo.

"Bwanji Lachitatu tiziyeserera kuseri kwathu? Pali simenti yosalala."

Sandiso anagwira pamtima, nkhope itagwa. "Ndikanakonda, Nthenga. Koma makhulu, agogo anga aja ku Khayelitsha, miyendo yatupa, sakuyenda. Lachitatu ndimakawatungira madzi, kuwasesera, kuwasisita maondo. Alibe wina."

Yonela misozi inalengeza. Mnyamata wamtima wabwino chonchi! Lachiwiri lililonse anayamba kudzuka m'mamawa kukazinga magwinya asanu ndi limodzi, n'kuwakulunga bwinobwino m'pepala. "Akawapatse makhulu. Ukawauze kuti apezeko bwino."

"Ati Mulungu akudalitse, mpongozi," Sandiso analemba Lachitatu madzulo. Yonela anawerenga liwu loti mpongozi mpaka batire la foni linatha.

Lachinayi la sabata yachitatu, Sandiso anamuponyera malaya monga mwa masiku onse. Yonela atafika kunyumba anatunga madzi m'beseni, dzuwa likadalipo. Anatembenuza malayawo kuti ayambire kumsana.

Anaima.

Pansi pa phewa lamanja panali banga. Mabanga otere ankawadziwa bwino. Mtsikana akakhala pa phewa, nsapato yake imakhudza kumsana kwa womunyamulayo, malo amene mwini wake sangawaone. Yonela ankachapa mabanga a nsapato zake zomwe sabata ndi sabata, akumwetulira.

Koma ili silinali lakuda ngati khofi.

Anathamanga kukatenga nsapato yake n'kuiika pambali pa bangalo. Ayi. Analitengera pa kuwala. Analinunkhiza ngati wamisala. Tiyi wa mkaka, ndi dontho limodzi lofiira. Anasakaniza ndi iye mwini Lolemba lomwelo, Chumisa atapeza nsapato zatsopano, ndipo utoto watsopano sumachedwa kuyambukira.

"Wauma chiyani pamenepo ngati waona njoka?" anafunsa mayi ake ali pazenera. "Ndiponso malaya a ndani amenewo? Bambo ako anayamba liti kuvala zothina?"

"Ndi a kusukulu, Mama."

Anakhala pa chidebe n'kuyamba kumufunira Sandiso zifukwa. Mwina anatsamira chikwama cha Chumisa? Mwina botolo linatayikira? Mwina... mwina chiyani? Sabata yonseyo m'holo Sandiso sananyamule wina aliyense. Kapena makhulu a ku Khayelitsha nawonso amavina baleyi ndi miyendo yotupayo?

Foni inalira.

"Nthenga yanga, ukutani? Ine ndikungoganiza za iwe, mpaka ndathira mchere mu tiyi."

Yonela anataya madzi a m'beseni. Malayawo sanawachape.

Mawa lake anafika msanga. M'kachipinda kosinthiramo zovala munali Chumisa yekha, akumata zala ndi pulasitala. Yonela anayala malaya pa benchi, pambali pake n'kuikapo kabotolo kolembedwa dzina. Moyo wake wonse anali asanayambepo munthu.

"Chumisa, utoto uwu ndi wako."

Chumisa anayang'ana bangalo, n'kukweza mapewa. "Nanga? Timayeserera Lachitatu m'galaja ya malume anga. Sanakuuze?"

"Anati amapita kwa makhulu."

"Makhulu ake ati? Makhulu a Sandiso anamwalira ife tili ku pulayimale! Ndinadyako nyama pa maliropo."

Yonela anagwira khoma.

"Iwe chomi, mnzanga, usandiyang'ane choncho," anatero Chumisa, mawu atayamba kufewa. "Iye anati inu awiri munasiyana kalekale, akungokumvera chisoni. Akuti ukulemera ngati thumba la mbatata, msana ukumupweteka. Wapita kale kwa Mama kawiri kukapempha kuti atisinthe."

Thumba la mbatata!

Yonela sanalire. Anatulutsa foni, anatsegula mauthenga, n'kumupatsa. Chumisa anawerenga. Nkhope inasintha. Anatulutsa yake n'kuziika pamodzi.

"Nthenga yanga, wadzuka?" Uku ndi uku. Tsiku lomwelo, mphindi yomweyo.

"Hayibo!" Chumisa anaimirira phazi limodzi lili ndi pulasitala wolendewera. "Dzuwa lomwelo? Dzuwa limodzi likudikira anthu awiri kuti litulukire? Ndiye London tikapita atatu? Mchere wa mu tiyi uja ananditumiziranso ine, ndinamumvera chisoni galu ameneyu!" Kenako anagwira pakamwa. "Dikira. Magwinya okulunga m'pepala aja..."

"Ndinkakazingira makhulu."

"Anati wakazinga yekha! Ndinamuyamikira kuti adzakhala mwamuna wabwino! Ndinadya anayi!"

Chitseko chinagogodwa, mutu wa Sandiso n'kusuzumira, mano onse ali panja.

"Nthenga..."

"Iti?" anafunsa onse awiri.

Mano aja anabwerera m'nyumba mwawo. Sandiso anaona malaya, anaona kabotolo, anaona mafoni awiri atagona limodzi pa benchi. Chumisa anamugenda ndi nsapato, ndipo nsapato za nsonga ndi zolimba ngati thabwa. Kenako Chumisayo anatuluka akutukwana mpaka kumsewu.

Anatsala awiri.

"Yonela, tamvetsa," Sandiso anayamba, akusisita pamphumi. "Anthu a m'tauni amabwera kamodzi kokha. Chumisa wavina zaka khumi, iwe zitatu. Ukanjenjemera uli m'mwamba, tonse tagwa. Ine kwathu tilipo asanu ndi awiri m'zipinda ziwiri. Mwayi uwu ndi wanga wokhawu."

"Ndiye bwanji osandiuza?"

"Ndinkaopa kukupweteka mtima, duwa langa."

Kumupweteka mtima! Ndiye apa wamupweteka chigongono?

Yonela ankafuna kunena zambiri. Usiku wonse anali atakonza mawu akuthwa ngati lumo. Koma manyazi ake aja anamugwiranso, ndipo chimene chinatuluka n'choti, "Magwinya aja ndinkadzukira folo koloko."

Anatola nsapato zake n'kulunjika ku kaofesi ka Mama.

Mama Nomalizo anali pa foni, akukalipira munthu wina wa komiti za denga lodontha. Atamaliza anavula magalasi. Yonela anaika nsapato pa tebulo.

"Ndasiya, Mama. Mupatseni Chumisa."

"Chotsa nsapato pa tebulo langa, si mbale. Khala pansi."

Yonela anakhala, ndipo misozi imene anaikana ija inabwera yonse nthawi imodzi. Anafotokoza za banga, za galaja, za thumba la mbatata. Mama anamvetsera akugudubuza ndodo m'manja.

"Sandisoyo anabweradi kawiri. Ndinamubweza kawiri. Za mitima yanu sindilowerera, ndine wamkulu. Koma wovina ndimasankha ine."

"Sindingathe kuti andigwirenso, Mama. Munthu wabodza! Ndikhala bwanji pa phewa lake?"

Mama analoza chithunzi chakale pakhoma. Mtsikana wakuda ali m'mwamba ngati mbalame, pansi pake mwamuna wa tsitsi loyera atamunyamula, akumwetulira.

"Wamuona ameneyo? Anandinyamula zaka zisanu ndi ziwiri. Moni sanandipatseko ngakhale tsiku limodzi. Ankakadandaula kwa akuluakulu kuti utoto wanga ukumudetsera malaya. Tikangotuluka pa bwalo ankapukuta manja pa thawulo, ine ndikuona."

Yonela anapukuta mphuno. "Ndiye munkavina naye bwanji?"

"Ndinkalumpha ndekha. Iye ankangomalizitsa." Mama anaweramira patsogolo. "Tsopano ndikuuze zimene sukufuna kumva. Mnyamata uja ndi wabodza, koma pamodzi wanena zoona. Masiku ano ukulemera."

"Mama!"

"Osati thupi, chitsiru iwe. Ulibe n'komwe poti munthu angatsine. Tsiku loyamba unalumpha wekha chifukwa unkachita mantha. Chiyambireni kukutchula timaina take, umamuyang'ana m'maso m'malo momvera piyano. Umadikira kuti akunyamule. Umadzipereka ngati katundu wa pa minibasi. Mtsikana wodikira kunyamulidwa amalemera, ngakhale atakhala fupa lokhalokha."

Yonela anamva kutentha nkhope yonse. Ananamizidwa ndi iye, anachapa malaya ndi iye, ndiye wolakwa akhalenso iye?

"Si chilungamo, Mama."

"Ndani anakuuza kuti kuno timagawa chilungamo? Kuno timavina. Kwatsala masiku asanu ndi atatu. Ukatuluka pakhomopo osatenga nsapatozo, Chumisa avina, ndipo avina bwino. Anthu a m'tauni sadzadziwa n'komwe kuti kunali Yonela. Sankha msanga, ndili ndi denga loti ndilimbane nalo."

Yonela anayang'ana nsapato zija. Zakuda ngati iye mwini, zotha kunsonga, timalamba tosokedwa ndi manja ake. Anafufuza mumtima mwake malo amene Sandiso ankakhala, napeza bala. Koma pambali pa balalo panali kanthu kena kamene sankadziwa kuti kanamera liti, ndipo kanthuko kankakana kwamtuwagalu kusiya nsapatozo.

Anazitola.

"Pita ukatenthetse thupi," anatero Mama, atavala kale magalasi. "Ndipo usambe kumaso, ukuoneka ngati chule."

Sabata imeneyo anayeserera osalankhulana. Mauthenga okha ndiwo sanaleke.

"Nthenga yanga yeniyeni, ndikhululukire. Anali Satana."

"Sindikudya. Sindikugona. Ndiwe wekha, ndikulumbira."

Koyamba m'moyo wake Yonela anayankha osafufuta: "Malaya ako ali pa piyano. Sopo amagulitsa pa shopu."

Loweruka masana holo inadzaza mpaka m'mazenera. Amayi a zipewa za kutchalitchi, ana pa maondo, kutsogolo anthu atatu a m'tauni ndi timabuku tawo. Kuseri kwa nsalu, Yonela ankalephera kumanga timalamba chifukwa cha mantha. Wina anagwada n'kumulanda.

"Bweretsa kuno," anatero Chumisa, akumanga mfundo mwamphamvu. "Malo angawa wanditengera, ndiye ukagwa ndikupha ndekha. Wamva, chomi?"

Piyano inayamba.

Sandiso anatambasula dzanja, maso ake akupempha. Yonela anayang'ana pamwamba pa mutu wake. Anamvera piyano. Anazungulira, anaima pa nsonga, anawerenga mumtima. Mphindi ija inafika. Manja aja anamugwira m'chiuno, manja omwe aja, ndipo mtima unati uleke, uleke, akugwetsa!

Analumpha.

Analumpha yekha, ndi miyendo yake, ndi mimba yake, ndi mkwiyo wa magwinya onse khumi ndi asanu ndi atatu. Anamva Sandiso akudzidzimuka pansi pake, ngati munthu amene wakonzekera kunyamula chidebe chodzaza n'kupeza chilibe kanthu. Ali pamwambapo anaona holo yonse. Anaona mayi ake ataimirira, akukuwa kuti, "Ndi wanga ameneyo! Ndinabereka ndine!" Anaona Mama kumbali, ndodo ili chilili, osamenya pansi.

Pogwadira anthu, Sandiso anatembenuka, ndipo kumsana kwa malaya ake atsopano kunali banga lakuda ngati khofi. Yonela analiyang'ana. Akachape yekha.

Anthu a m'tauni ananong'onezana ndi Mama nthawi yaitali. Kenako maina awiri anatchulidwa. Loyamba linali Yonela Mbekeni. Chumisa anamukumbatira mpaka nthiti kulira, akulira ndi kutukwana nthawi imodzi.

Lachiwiri linali la Sandiso.

Koma abale! Mwa anthu onse a mu Langa? Zaka zina zitatu pa phewa lomwelo?

Anthu atabalalika, dzuwa likulowera m'mazenera akumadzulo, Yonela anatsalira kupinda mipando. Mama anakhala pa mpando wa piyano, atavula nsapato, akusisita maondo.

"Anyamata ovina ndi osowa, mwana wanga," anatero osafunsidwa. "Amawatola ngakhale ali abodza. Uzolowere. Thawulo udzigulire wekha, uzipukuta iweyo."

Yonela anaimika mpando. Anakumbukira chinsinsi chija, chimene anachisunga zaka zitatu. Akapita m'tauni nacho chidzamulemera. Anayang'ana pansi, pa zala zake zomatidwa pulasitala.

"Mama, ndili ndi mawu."

"Lankhula, usandiuze kuti wasiyanso."

"Tsiku lija ndinakunamizani. Sindinabwere kudzavina. Baleyi sindinkamudziwa n'komwe. Ndinangotsatira Sandiso kuchokera pa siteji." Anatsitsa mawu. "Chifukwa cha mano ake."

Kenako Mama Nomalizo Dyantyi, amene anthu a masuti amawaimirira, anaseka mpaka kutsamira piyano, piyano n'kulira yokha.

"Mwana iwe! Wovina wake uti amabwera ndi kabichi?"

"Munkadziwa?"

"Holo yonse inkadziwa! Ngakhale bambo woimba piyano, amene saona bwino!"

Yonela anafuna kuti simenti ing'ambike alowemo. Zaka zitatu akubisa chinthu chimene aliyense ankachidziwa!

"Ndiye munandilandiriranji?"

Mama anapukuta misozi ya kuseka ndi nsonga ya mpango. "Unaima pakhomo paja ukunjenjemera ngati mwanapiye, koma msana uli chilili, khosi lili m'mwamba, kabichi m'khwapa ngati wanyamula chisoti cha mfumu. Ndinati, chomubweretsa mwanayu n'chopusa, koma zopusa zimatha. Msanawo udzatsala." Anatola ndodo yawo n'kuloza pakhomo. "Pita ukaime pomwe paja."

Yonela anapita, wopanda nsapato, n'kuima pakhomo. Kunja chimphepo chija chinali chitayambanso.

"Iwe wa kabichi," anatero Mama. "Ukufuna chiyani?"

"Ndikufuna kuvina, Mama."

"Sindinamve."

Yonela anadzutsa mutu.

"Ndikufuna kuvina!"

Mawu ake anagunda denga lodontha lija n'kubwerera. Iye mwini anadabwa kuti ndi ake.

Ndodo inamenya pansi kamodzi.

"Bwerezanso!"